Chikuto chokongola, masamba oyera mbee

Aniko Kolesnikova, mmisiri wochokera ku Latvia yemwe pa intaneti amadziwika kuti Mandarin Duck, amaumba zikuto za mabuku zoti ukaziona umayamba wakhala kaye chete. Pena pamakhala kadzidzi wotong'ola maso, pena chinjoka chodzipinda, mamba ake akuoneka limodzilimodzi. Ndimazisirira ndithu. Chimene chimandivuta n'chakuti ambiri otengera luso limeneli amalipititsa pabuku lojambuliramo zithunzi, buku loti lizigona m'chikwama pamodzi ndi mapensulo, makiyi ndi makoko a mtedza. Zikatero bukulo limasiya ntchito.

Ndaonapo mabuku otere m'manja mwa achinyamata okonda kujambula. Amakupatsa ndi manja awiri, iwe n'kuyamikira chikuto, kenako n'kutsegula. Tsamba loyamba lili ndi dzina la mwini wake lolembedwa mwaluso. Lachiwiri lili ndi theka la nkhope, lofufutidwafufutidwa. Kuchoka apo mpaka kumapeto, mbee! Ukafunsa amati, "Ndikudikira chithunzi choyenera." Chonsecho buku limeneli ntchito yake ndi kulandira zosayenerazo: dzanja la zala zokhota, njinga ya kabaza ya gudumu lopindika, nkhope ya agogo imene ngakhale agogowo sangaizindikire.

Sindikuletsa kukongoletsa ayi. Ndikungopempha kuti chikutocho chikhale chopyapyala, chosalemera, chosaopsa mwini wake. Ndipo dongo la polima, limene amaumbira zikuto zoterezi, munthu akalidziwa khalidwe lake, limalola zimenezo.

Dongoli silokumba kudambo. Ndi pulasitiki wa PVC, yemweyu wa mapaipi a madzi, wosakaniza ndi mankhwala omufewetsa komanso utoto. Silifuna madzi ndipo siliuma ndi mphepo. Mutha kusiya ntchito lero n'kudzaipitiriza sabata yamawa lili lofewabe. Limalimba pokhapokha likalowa mu uvuni. Mbiri yake inayambira ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pamene Käthe Kruse, mayi wotchuka popanga zidole, analiyesa pantchito yake n'kuona kuti silikumuthandiza. Mwana wake Sophie, yemwe ankamutchula kuti Fifi, ndiye analitola n'kumalisakaniza ndi mitundu. Kampani ya mapensulo ya Eberhard Faber inagula nzeruyo mu 1964, ndipo posakhalitsa linayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Fimo. Lero Fimo ili m'manja mwa Staedtler ya ku Nuremberg, nayonso ya mapensulo. Ku America nako, inzake ya Fimo yotchedwa Sculpey inabadwa m'zaka za m'ma 1960 anthu akufuna chinthu chochotsera kutentha m'mathiransifoma a magetsi. Kumeneko inakanika, koma inapezeka kuti ikuumbika bwino.

Dongoli limagulitsidwa m'timapaketi ta magalamu 57, choncho woumba chinjoka chonenepa ayambe waunguza m'thumba. Likangotuluka m'paketi limakhala louma mtima, nthawi yozizira limachita kunyenyeka. Muyenera kulikanda m'manja mpaka litamapindika osang'aluka m'mbali. M'mwezi wa Okutobala vuto limatembenuka: limafewa mopitirira, limakakamira zala, ndipo chala chilichonse chimasiya chidindo chake. Pamenepo kaliikeni m'firiji kwa kanthawi. Loyera limatola fumbi lililonse ndi ubweya wa juzi, pomwe lofiira limadetsa manja, ndiye yambani ndi mitundu yowala.

Musaumbire pabuku penipeni. Dongo laliwisi likakhalitsa papepala, mankhwala ofewetsa aja amalowerera n'kusiya banga lamafuta, dongolo n'kuyamba kuuma. Yezani chikuto, muumbire patailosi kapena pagalasi. Ikani timilu tiwiri ta makhadi a juga uku ndi uku, dongo pakati, n'kuyendetsa botolo pamwamba mpaka litafika mamilimita awiri kapena atatu. Dulani m'mbali ndi lezala, ndipo musiye mpata pafupi ndi msana wa buku. Mukaiwala mpata umenewo chikuto chizidzagunda msana potsegula, buku osayala bwino patebulo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi okonda zotumphuka. Kukongola kwa dongoli sikudalira kunenepa. Dindanipo chiguduli, muone ulusi wake wonse ukutsala pamenepo. Gubuduzanipo chitsononkho. Kanikizanipo tsamba la mbatata chagada, mitsempha yake isindikizike, n'kulimatula pang'onopang'ono kuyambira kuphesi. Mukaotcha, pakanipo penti wakuda wa akiriliki n'kupukuta msanga ndi kansalu konyowa. Penti amatsalira m'mizere yokha, ndipo kamtsempha kalikonse kamaonekera. Chikuto chotere chimakoma kuchisisita, chilibe nyanga yokola zinthu, ndipo chikakandika palibe amene angadziwe.

Amene akufuna mitundu yambiri ali ndi njira ina imene oumba polima anabwereka kwa amisiri a magalasi a pachilumba cha Murano ku Venice, yotchedwa millefiori. Mumasanja timizere ta dongo la mitundu yosiyanasiyana kukhala mpukutu umodzi wonenepa, woti mukausuzumira kumapeto mukuona duwa kapena diso la nsomba. Mukamaufinya n'kumaukoka, mpukutu umatalika n'kuwonda koma chithunzi cha m'kati chimangochepa osasokonekera. Kenako mumadula tizidutswa topyapyala ngati mukudula nkhaka, chidutswa chilichonse chili ndi duwa lomwe lija, n'kuziyala pachikuto mpaka chitadzaza.

Ntchito yonseyi imapulumuka kapena kufera pamoto. Makapu a ku Dedza Pottery amaotchedwa pamoto wopitirira madigiri 1,000, koma Fimo imangofuna madigiri 110 kwa mphindi 30, ndipo mitundu yambiri ya Sculpey imafuna cha m'ma 130. Werengani papaketi. Moto ukachepa, dongo limaoneka ngati lapsa koma limadzathyoka tsiku loyamba kupindika. Ukachuluka limada, limatuwa matuza, n'kutulutsa utsi woyabwa m'maso ndi kukhosi. Zikatero zimitsani, tsegulani mawindo, tulukani. Manambala olembedwa pa uvuni sawakhulupirira, makamaka timauvuni tating'ono tija, choncho kachipangizo koyezera kutentha koika m'kati n'kofunika kuposa tizitsulo tonse toumbira. Njira ya amayi yophikira chigumu, makala pansi makala pamwamba, ndimailemekeza, koma pano siigwira: makala sauzidwa kuti aime pa 110. Magetsi akathima ntchito ili pakati musataye mtima, dongoli limalola kuotchedwa kachiwiri. Ingophimbani ndi pepala la aluminiyamu kuti pamwamba pasawauke, ndipo mbale kapena thireyi imene mwaotcherapo isabwererenso ku zakudya.

Buku lenilenilo lisalowe mu uvuni. Pepala silingayake pamoto wochepa chonchi, koma guluu wa kumsana amafewa, ndipo chikuto chokutidwa ndi pulasitiki chimakwinyika. Otchani chidutswa chanucho pachokha, chizizire chitapsinjidwa ndi chinthu chosalala, mukwechekweche kunsi kwake ndi sandipepa, n'kumata ndi guluu wolimba, monga uja wa machubu awiri osakaniza. Buku la waya lili ndi mwayi wake: mutha kuchotsa katoni yakutsogolo, kuipaka guluu woyera wa akalipentala, ikauma n'kuyalapo dongo n'kuotchera limodzi, bola mabowo a waya asatsekeke. Za polishi wa zikhadabo iwalani. Amawala tsiku loyamba, koma pakapita nthawi amadyana ndi pulasitikiyo, chikuto n'kuyamba kunata.

Kumbuyo kwa buku kusamatidwe kanthu. Wojambula ali pa depoti kapena m'mphepete mwa msika alibe tebulo. Katoni yakumbuyoyo ndiyo imakhala pabondo, ndipo iyenera kukhala yosalala kuti pensulo isamadumphe.

Kunena zoona, ine ndimakonda kuti chikuto chiumbidwe buku litadzaza kale. Nthawi imeneyo mwini wake amakhala akudziwa zimene zili m'katimo. Ngati masamba ambiri anathera pa mabwato ndi usipa woyanika pathandala ku Senga Bay, chikuto chidzakhala cha nsomba, osati cha chinjoka chimene anaona pafoni. Akafuna kuchinenepetsa, achinenepetse, chifukwa buku lodzaza limakhala pashelefu. Loyenda nalo likhale lina, lotchipa, la chikuto cha katoni wamba.