Galu wachiwewe saluma mzungu

Pali anthu ena, ophunzira ndithu, amene akamva za bungwe la LSPCA la ku Lilongwe amaseka chikhakhali. Ati kutola agalu ndi amphaka otayidwa, kuwachiza n'kuwapezera mbuye wina ndi zochita azungu okhuta, pomwe anthu akugona ndi njala.

Chabwino. Koma abale, galu wachiwewe akalowa m'mudzi kwa Mavwere kuno amaluma mzungu? Amaluma mwana wobusa mbuzi kudambo. Kenaka makolo kalikiliki kusaka jakisoni kuchipatala, yokwerera galimoto yochita kukongola. Akachedwa matenda n'kuonekera, ndi maliro basi.

Nanga agalu opanda mwiniwa amagwa kumwamba? Ndi tiana tomwe timakataya kutchire tikati tachuluka. Boma lakhala likuwaombera, koma chiwewe chikadalipo. Ku Blantyre a Mission Rabies anayamba mu 2015 kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse, ndipo imfa zinachepa.

Mafumu athu nkhani ikakhala ya feteleza msonkhano sachedwa kuitanitsa. Chikuwakanika n'chiyani kuitana alangizi a ziweto adzabaye ndi kufula agalu athuwa? Msewu wochokera ku Lilongwe ndi watala, pajatu.