ZA PAKHOMO: Fungo la Makandulo

Amai ena opanga makandulo a phula la soya akudandaula kuti kandulo imodzi imanunkhira pamene inzace ilibe fungo konse, cikhalireco onse anacokera mumphika umodzi. Wogula akakhumudwa sabweranso.

Colakwa cagona pa kuthira mafuta onunkhira moyerekeza ndi maso. Yesani pa sikelo: pa kilogalamu imodzi ya phula thirani magalamu 60 kufikira 80. Akacuruka amatulukira pamwamba monga thukuta. Thirani phula litatentha madigiri 85, ndipo mutakase pang'onopang'ono mphindi ziwiri zathunthu. Ambiri amagwa pamenepa cifukwa ca cangu: mafuta amatsalira pansi pa mphika, ndipo kandulo yomaliza imalanda fungo lonse.

Makanduloyo akhale ovundikira masabata awiri asanapite kumsika.