Moto Ukakana, Pekanso

Mwezi wa Disembala ukafika, zotsatira za mayeso zimatuluka m'masukulu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Ena amapita kwawo akuvina. Ena amadzera njira ya kuseri kwa nkhokwe, mutu uli pansi. Mnyamata wolephera uja akangolandiridwa ndi mawu akuti "mbuli iwe", posakhalitsa amapezeka pa kachasu, kapena wawoloka malire pa Calómuè kukasaka ganyu osatsanzika.

Komatu mankhwala a mtima wosweka alipo m'mudzi momwemo. Abambo ndi agogo ambiri a m'maboma ano anathawa nkhondo wapansi kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu, akugona m'mapiri. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera n'kupeza mabwinja okhaokha, koma anamanganso. Nzeru zimene zinawapulumutsa zija n'zimene mnyamata wogwa mphwayi akusowa lero.

Bambo kapena malume amutenge mnyamatayo pamodzi ndi anzake awiri atatu, akagone kutchire usiku umodzi. Machesi atsale kunyumba. Kupeka moto ndi timitengo touma si masewera, makamaka nyengo ya mvula. Manja amatuluka matuza, utsi umaoneka pang'ono n'kuzimiririka. Kachitatu, kachinayi, kachisanu. Koma khala likagwira pa udzu wouma, nkhope ya mwana imasintha. Waphunzira ndi manja ake kuti kukanika kanayi sikutanthauza kuti moto kulibe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aphunzirenso kusenda luzi la mombo, kumanga msasa wosadontha, kutchera diwa ndi kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha. Adziwe kuti chilimwe madzi amapezeka pofukula mchenga wa mumtsinje wouma, ndi kuti mphezi zikamang'anima sabisala pansi pa mtengo woima wokha. Adziwenso kuti kulimba mtima si kulimbana ndi mtsinje wodzaza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè ku Tete; nanji mwana wa munthu! Wanzeru amakhala pamtunda kudikira kuti madzi aphwe.

Chakudya chikapsa, onse ali chete mozungulira moto, ndiyo nthawi ya mawu a Mulungu. Anyamata amakonda nkhani ya Davide ndi Goliati, koma wamkulu asalekezere pomwepo. Davide yemweyo, amene anaphunzira kugenda akuweta nkhosa, anadzakhala wothawathawa, akubisala m'phanga la Adulamu poopa mfumu Sauli. Mulungu sanamutaye m'phangamo. Mnyamata amve kuti mayeso amayeza zimene walemba papepala, sayeza mtengo wake pamaso pa Mlengi. Akatero apemphere limodzi, wamkulu atchule dzina la mwanayo m'pemphero. Ana ena sanamvepo bambo wawo akuwapempherera.

Ulendo wotere si chilango ayi. Chikwapu ndi kunyoza zisapite nawo. Pochoka, moto uzimitsidwe ndi dothi kuti tchire lisapse.

Ndipo ntchito sithera kutchire. Sukulu zikamatsegulidwa, wamkulu yemweyo amuperekeze mnyamatayo kukalembetsanso kalasi imene analephera. Anzake adzamuseka sabata yoyamba, n'zoona. Koma amene anapeka moto mpaka kuyaka amadziwa choti achite ukakana: kupuma pang'ono, kupukuta manja, n'kugwiranso timitengo tija.