Monita Asakhale Wolemba Maina a Olongolola Chabe

Pafupifupi m'kalasi iliyonse imene timapitako pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, kaya ndi pa boma la Mzimba, ku Jenda, ku Edingeni kapena ku Embangweni, timapezamo mwana wotchedwa monita. Ntchito yake ndi kufufuta bolodi, kusunga choko, ndi kulemba maina a olongolola mphunzitsi akatuluka. Anzake amamuopa, ena amamunyengerera ndi chimanga chokazinga, ndipo iye amakula akuyesa kuti utsogoleri ndiwo kuneneza anthu. Ife tikuti mwana ameneyu tikumuwononga, ndiponso tikutaya thandizo limene kalasi ya ana ochuluka ikulisoŵa kwambiri.

Boma lino lili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale, atakhazikika pa Njuyu mu 1882, mafumu a Angoni sanafulumire kulola sukulu. Anyamata oŵerengeka, mmodzi mwa iwo Maŵelera Tembo, ankabwera kudzaphunzira usiku, ndipo ena mwa iwo ndiwo anadzakhala aphunzitsi oyamba a anzawo. Donald Fraser atasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Loudon mu 1902, sukulu zambiri za m'midzi zinali m'manja mwa anyamata amene anangopitirira pang'ono ana amene ankawaphunzitsawo. Kuŵerenga kunafika m'midzi yathu kudzera mwa iwo.

Koma tisanene zokoma zokhazokha. Ku London, Joseph Lancaster anatsegula sukulu mu 1798 imene mphunzitsi mmodzi ankayang'anira ana mazanamazana kudzera mwa mamonita. Njirayi inatchuka chifukwa inali yotsika mtengo, koma pambuyo pake inasiyidwa, pakuti monita ankangobwereza mawu amene wauzidwa, anzake nkumaloŵeza osamvetsa kanthu. Tikapereka bolodi kwa mwana kuti azitsanzira mphunzitsi, tidzagwa m'mbuna yomweyo.

Njira yabwino tiione ku masukulu a ukachenjede. Mu 1973, Deanna Martin wa pa University of Missouri-Kansas City anayambitsa dongosolo lakuti wophunzira amene wakhoza bwino phunziro lovuta azikumana mlungu uliwonse ndi anzake amene akulitenga kumene. Dongosololi linafalikira m'maiko ambiri, ndipo ophunzira za uinjiniya amaligwiritsa ntchito pa masamu ndi sayansi. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti mtsogoleri sabwereza phunziro ndipo sathamangira kupereka yankho. Mnzake akafunsa, iye amabweza funsolo ku gulu, kufikira gulu litapeza lokha pamene linasokera. Mwana wa ku Luwerezi amene adzapite kukaphunzira za uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre, imene kufikira 2021 inali Polytechnic, adzapeza kuti mlatho kapena msewu samanga munthu mmodzi. Kumvetsera mnzake, kutsutsa mwaulemu ndi kufotokoza chimene akuganiza, zonsezi sangaziyambe ali ndi ndevu. Mmera mpoyamba.

Nanga m'kalasi mwathu tichite bwanji? Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, mphunzitsi sangathenso kufika pa mwana aliyense m'mphindi 35. Tinene kuti tili ndi ana 90 mu Sitandade 6. Tiwagaŵe m'magulu a ana 9, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Dzulo lake tikhale ndi atsogoleri khumiwo kwa mphindi zochepa, tichite nawo ntchitoyo, ndi kuwapatsa mafunso atatu oti akafunse anzawo. Ntchito yake ikhale yogwira ndi manja: njerwa ziŵiri zotalikirana, mapesi, luzi, ndipo gulu lililonse limange mlatho umene ungasenze miyala yambiri. Wina ukathyoka, mtsogoleri asanene kuti “mwalakwitsa”, koma afunse kuti, “Wathyokera pati? Chifukwa ninji pamenepo?” Ana okha adzaona kuti mapesi omangidwa mwa makona atatu sapindika msanga ngati omangidwa mwa makona anayi, ndipo tsiku limene adzaonenso zimenezi pa denga la tchalitchi sadzaziiŵala.

Posankha atsogoleri tisamangoyang'ana amene amakhala nambala wani pa mayeso. Mnyamata uja amene amapanga galimoto ya mawaya yokhota bwino ndi chiwongolero amadziŵa zambiri za ekiselo kuposa zimene amalemba m'kope, ngakhale kuti ife timamuyesa mbuli. Atsikana akhale theka la atsogoleri, ndipo tisawapatse ntchito yolemba zokha anyamata akugwira zipangizo, monga mmene timaonera kaŵirikaŵiri. Udindowo uzisinthana teremu iliyonse. Palinso phindu lina kuno kwathu: buku la sayansi lili m'Chingerezi, koma mwana amaganiza m'Chitumbuka, ndipo mnzake amatha kumumasulira mwa mawu aŵiri chimene ife tavutika nacho theka la phunziro.

Makolo ena adzati mwana wawo anabwera kudzaphunzira, osati kudzagwira ntchito ya aphunzitsi. Dandaulo limeneli ndi loona pamene mphunzitsi wasiyira ana kalasi nakakhala pansi pa mtengo. Nchifukwa chake mtsogoleri asayambitse mutu watsopano, asachonge mayeso, ndipo asapereke chilango. Zimenezo ndi zathu. Magulu akamagwira ntchito, ife tiziyendayenda pakati pawo, makamaka kwa ana amene akhala chete. Kholo likaona kuti mwana wake tsopano akufotokoza momveka chimene kale ankangoloŵeza, silichedwa kuvomera.

Chovuta chenicheni kwa ife ophunzira uphunzitsi ndi chakuti kalasi si yathu, ndipo magulu khumi okambirana amachita phokoso limene aphunzitsi aakulu ena salikonda. Tisalimbane nawo. Tipemphe phunziro limodzi pa mlungu, tichitire panja ngati chipinda chili chopanikiza, ndipo tsiku loyesa milatho tiwaitane kuti iwo ndiwo adzaikepo mwala woyamba.