ZA NJINGA ZATHU: Cheni Latsopano pa Mano Akale

Mlungu watha tinakamba za mabuleki. Lero tiri pa cheni, cifukwa ca kalata ya mnzathu wina wa ku Pumula, kuno ku Bulawayo. Iye akuti atalandira malipiro anagula cheni latsopano m'tauni, koma njinga yace yayamba kulumpha kuposa kale, maka-maka pa citunda, ndipo kawiri konse galimoto ya ku mgodi yamsiya. Tsono afunsa ngati mwini sitoro anamnyenga.

Funso limeneli nlacabe ai. Dzina la Pumula linena kupumula m'Cindebele ndi m'Cinyanja momwe, koma wocokera kumeneko pa njinga sapumula, pakuti lokeshoniyo iri kutari kumadzulo kwa mzinda, pamene migodi monga How Mine ndi Old Nic iri tsidya lina. Njinga ikafa mbandakuca, ife alembi tiribe malo m'buku olembapo kuti "cheni linagwa". Timangolemba kuti munthu sanaoneke, ndipo ndarama ya tsikulo, imene ana akudikira ku Dedza kapena ku Chipata, yapita.

Bambo, kapena sanakunyengeni. Mvetsani bwino: cheni silitanuka ngati mphira. Pa mfundo iri yonse pali kapini kacitsulo, ndipo pfumbi likasanganikirana ndi mafuta limapala kapiniko pang'ono-pang'ono monga mwala unolera mpeni. Mfundo zonse zikakhwepa, cheni limatalika, ndipo likatalika limakwera pamwamba pa mano nkumawadya, kufikira mano a fuliwilo apindika ngati mbedza. Cheni lakale ndi mano akale zimamvana cifukwa zinakalambira pamodzi. Cheni latsopano pa mano otere silikhala pansi; mukaponda ndi mphamvu limatsetsereka. Mankhwala ace ndi kugulanso fuliwilo. Mano a kutsogolo amacedwa kutha popeza ngambiri ndipo amagawana nchito, koma nawonso ayang'aneni.

Kuti zimenezi zisakuonekereni, yesani cheni lanu mwezi ndi mwezi. Cheni liri lonse la njinga, kaya ndi Raleigh ya ku England, Hero ya ku India kapena Phoenix ya ku China, liri ndi theka la inchi kucokera pa kapini kufika pa kanzace. Conco mipata 24 ikwana mainchi 12, ndiwo mamilimita 305. Pondani pedulo kuti cheni likungike, muike ciyambi ca rula pakati pa kapini kamodzi, ndipo muone pa 12. Kapini kakagwera pomwepo, cheni liri bwino. Kakapitirira ndi 1/16 ya inchi, ndiko milimita imodzi ndi theka, gulani cheni msanga, mano apulumuka. Kakapitirira ndi 1/8, ndiko mamilimita 3, mwacedwa: konzani ndarama ya cheni ndi fuliwilo pamodzi. Wopanda rula akoke cheni ndi zala kutsogolo kwa gudumu la mano lalikulu. Likanyamuka mpaka dzino lonse kuonekera, latha.

Si kulumpha konse kumene kucokera ku mano otha, ndipo munthu wanzeru amayamba wamvetsera asanamasule kanthu. Cheni likamadumpha kamodzi, kenaka cete, kenaka kamodzinso, pali mfundo youma. Zungulizani mapedulo cam'mbuyo ndi dzanja, muipeza, muithire mafuta ndi kuipinda uku ndi uku. Mapedulo akamazungulira okha njinga osayenda, timano ta m'kati mwa fuliwilo tamatirira ndi litsiro. Goneketsani njinga, muthiremo parafini, kenaka mafuta opepuka. Mukamva "go, go" pa phazi limodzi nthawi iri yonse pedulo itsika, imeneyo ndi kotapini. Cheni likamangogwa, lakhwepa kapena gudumu la m'mbuyo lakhala mopendekera. Kokerani gudumulo m'mbuyo mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo musiye cheni lizisewera ngati theka la inchi pakati pace. Lokungika kwambiri limapha mabolo a m'habu.

Tsono nkhani yaikuru ndi ya pa sitoro, pakuti zitsulo zofanana maonekedwe sizigwirizana zonse. Utali wa mfundo ngumodzi, koma kupingasa kwace nkosiyana. Njinga ya giya imodzi, yonga ija ya kabaza kwathu, imafuna cheni la 1/8. Njinga ya magiya 6, 7 kapena 8 m'mbuyo imafuna lopyapyala la 3/32, ndipo ya magiya 9, 10 kapena 11 iri yonse iri ndi cheni lace-lace. La 1/8 silipita pakati pa magiya ambiri, limakhuza oyandikana nao. La 3/32 silikhala pa mano okhuthala a njinga ya katundu. Muwerenge magiya anu musanacoke pakhomo. Amene mwagula njinga za magiya ambiri zogwirapo kale nchito, walira mvula walira matope: zimakwera citunda bwino, koma zimasankha zitsulo.

Mano a m'mbuyo nao ali mitundu itatu. Woyamba ndi fuliwilo yozungulizira pa mazinga a habu, monga nati pa bauti. Waciwiri ndi umene amauchula kaseti, wofala pa njinga za zitsulo za Shimano: mano amangolowa pa mizere ya habu ndi kutsekedwa ndi mphete. Wacitatu uli pa njinga za buleki ya pedulo, monga Buffalo zambiri, zija za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005: pamenepo pali gudumu la mano limodzi la timakutu titatu, logwidwa ndi mphete ya waya. Mitundu itatuyi siilowana, ngakhale mutamenya ndi nyundo. Ndipo inu a buleki ya pedulo cenjerani koposa, pakuti cheni likagwa pa mtsetse, buleki ya m'mbuyo yapita nalo limodzi.

Ena muli ndi njinga zimene agogo anabwera nazo ku Wankie, ku Shabani kapena ku Joni, ndipo mukuzinyadira. Zisungeni ndithu, koma dziwani ici: Raleigh zakale zopangidwa ku Nottingham ziri ndi mazinga 26 pa inchi pamalo pa ekiselo ya mapedulo, pamene njinga zambiri za masiku ano ziri ndi 24. Kapu yatsopano imalowa kawiri kapena katatu, kenaka imauma. Mukaikakamiza ndi sipanala yaitari mwapha mazinga a felemu, ndipo felemu siigulidwa m'thumba. Kapu ikakana, lekani, mukafune yakale kwa okonza njinga. Kumbukiraninso kuti pedulo ya kumanzere iri ndi mazinga otembenuka: imamangidwa kumene inzace imamasukira.

Kotapini ndi kacitsulo kocepa koma kabvuta ambiri. Ziripo za mamilimita 9 ndi za 9.5, ndipo njinga za Cingerezi zambiri zimafuna 9.5. Yaing'ono imagwedera nkukuza bowo la mkono wa pedulo. Ilowetseni ndi nyundo mutacirikiza mkonowo pansi. Nati nchito yace ndi kusunga cabe, mukaikoka nayo mazinga aduka. Ziwirizo ziloze kosiyana, ina mutu kumwamba ina kunsi, kuti mikono ikhale mzere umodzi. Ndipo msomali si kotapini ai. Wofewa umapindika tsiku limene mwaimirira pa mapedulo, ndipo wobvulala bondo satsika mgodi.

Polumikiza cheni, kawaya kotsekera kaikeni mbali yotseka iri kutsogolo, kumene cheni likupita; mukatembenuza, kadzakodwa ndi kuthawa. Za mafuta, ambiri amathira oilo wakuda wotsala m'galimoto mpaka kudontha. Pa misewu ya pfumbi ya m'malokeshoni mafuta ocuruka ndiwo amaitana mcenga uja wopala mapini. Tsukani cheni ndi parafini, liume, mudonthezere dontho limodzi pa mfundo iri yonse, ndipo mupukute kunja konse ndi sanza. Mafuta afunika m'kati, kunja ai. Girizi ngwa mabolo, si wa cheni.

Amene mumanyamula thumba la ufa kapena mkazi pa keliyala, pogula fuliwilo yatsopano werengani mano ace. Ya mano 18 imathamanga. Ya 20 kapena 22 imapepuza miyendo ndipo cheni silizunzika pa citunda, koma mwina mudzafuna kuonjeza mfundo.

Langizo langa ndi ili: popita ku sitoro, citsulo cakale cikhale m'thumba mwanu, muciike pambali pa catsopano pamaso pa wogulitsa, ndipo mufunse. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amene mukusunga ndarama kuti mutumize njinga kumudzi, sankhani imene zitsulo zace zipezeka pa msika wa kwanu, mumangirirepo cheni ndi fuliwilo zapadera. Njinga yokongola yosowa cheni imasanduka poyanikira zobvala.

Mlungu wamawa tidzakamba za masipoko ndi kuongola gudumu. Tsalani bwino, muyende mocenjera.

Ine wanu,
Mlembi wa pa Mgodi