MWANA WOTUMBIDWA SAFUNA PHALA LOKHA

M'midzi yambiri, mayi akangozindikira kuti waimanso, mwana woyamwa amaletsedwa bere tsiku lomwelo. Ena amapaka tsabola kubere, ena amatumiza mwanayo kwa agogo ake kutali, namati, "Mlekeni alire, alimba mtima." Koma mtima wa mwana sulimba motero.

Mwana wa chaka chimodzi sadziŵa chifukwa chimene amake amkanira. Iye angoona kuti bere, msana ndi mphasa zimene anazoloŵera zamchokera nthaŵi imodzi. Tsono amalira usiku, amakana kudya, ndipo pambuyo pake amangokhala ndwii, osaseŵera. Kusadyako ndiko kumaitana kunyentchera ndi kutupikana. M'chaka cha 1935 Dr Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, anatcha nthenda yotupikanayi kwashiorkor, liwu la chinenero cha Ga lonena za mwana wolandidwa malo ndi mng'ono wake.

Phala la nsinjiro ndi lofunika ndithu, koma palokha silikwana. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, madokotala anayamba mu 1986 kutsata ana 129 opinimbira. Ena analandira mkaka, pamene ena ankayenderedwa ndi mlangizi mlungu uliwonse kwa zaka 2, kuphunzitsa amawo kuseŵera ndi kucheza nawo. Atafika zaka 17 ndi 18, oseŵera nawo aja anapezeka ndi nkhaŵa zochepa kuposa anzawo osayenderedwa. Mkaka wokha sunasiye phindu lotere.

Chomwecho mwana amalimba mtima pamene adziŵa kuti alipo munthu womumva akalira. Wotere akagwa amadzuka msanga, ndipo akakula sachita mantha ndi sukulu kapena alendo.

Mkaka wa mayi wapakati suwola, ndipo suipitsa mwana. Ngati pathupi pali bwino, mayi angathe kuyamwitsabe. Akakaika afunse anamwino ku sikelo. Nthaŵi yoletsa ikafika, achepetse kuyamwitsa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, akuwonjezera phala, nyemba, mazira ndi zipatso. Mwanayo akhale pakhomo pomwepo. Bambo nayenso amnyamule, amdyetse, amnenere nthano madzulo. Agogo akafuna kuthandiza, ndi bwino abwere iwo kwa mdzukulu, kusiyana ndi kumchotsa kwa amake.

Kuongola mtengo mpoyamba. Makolo ofuna mwana wolimba mtima ayambe ndi kumsunga pafupi pa nthaŵi yovutayi.