Nkhondo si sukulu ya mabwana

Magulu ena owerenga mabuku m'mizinda ya chigawo chino ali ndi chizolowezi choyenera kutsutsidwa. Mwezi uno amawerenga nthano yaitali ya nkhondo, mwezi wotsatira amatenga buku la utsogoleri monga The 21 Irrefutable Laws of Leadership la John C. Maxwell la 1998, kenaka n'kumafunsana kuti mkulu wa asilikali wa m'nthanoyo angaphunzitse chiyani oyendetsa makampani. Kuwerenga kotere kumachititsa kuti imfa za anthu zikhale chitsanzo chabe chokometsera phunziro la bwana.

Mabuku awiriwa amanena zinthu zotsutsana. Buku la utsogoleri limalankhula ndi munthu wokhala pamwamba ndipo limamulonjeza kuti malamulo owerengeka amubweretsera chipambano. Nthano ya nkhondo yolembedwa bwino imaonetsa amene amalipira mtengo wa malamulo a wapamwambayo. Mu Mayombe, buku la Pepetela la 1980, zigawenga za MPLA m'nkhalango ya Cabinda zimasimba nkhani mosinthana, aliyense ndi mantha ake komanso kukayikira anzake a mtundu wina. Mtsogoleri wawo, Sem Medo, amafera pankhondo. Wofuna kutolamo mfundo zisanu za utsogoleri ayenera kutseka pakamwa asilikali onsewo, pamene mawu awo ndiwo thunthu la bukulo.

Mu Terra Sonâmbula ya Mia Couto ya 1992 mulibe mtsogoleri woti n'kumutsanzira. Muli nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga, obisala m'basi yotenthedwa, akuwerenga makope amene anawapeza pafupi ndi mtembo. Nkhondo ya ku Mozambique imeneyi si yachilendo kwa owerenga Chichewa: pofika 1992 othawa kwawo oposa 1 miliyoni anali ku Malawi. Gulu limene lingamalize buku lotere n'kumakambirana za masomphenya a mtsogoleri ndiye kuti silinawerenge.

Ena adzati kufunafuna phunziro m'nthano n'chikhalidwe chakale, pakuti nthano zapamoto nazo zimathera pa mwambo. Zoona, koma mwambowo umachokera m'nthano momwemo, sugulidwa kwina n'kudzaumata. Ndipo chilankhulo chokambiranacho chili ndi mphamvu. Zokambirana zikachitika m'Chingerezi cha m'misonkhano ya makampani, mawu ofunsira mafunso amakhala atasankha kale yankho. Chichewa chili ndi mawu ake a nkhondo. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu ambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa kukhala atengatenga, osenza katundu wa asilikali, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda. Mfuti yolavula zipolopolo anaitcha chiwaya, dzina limene Melvin Page analiika pa buku lake la 2000, The Chiwaya War. Amene wayamba ndi liwu lakuti tengatenga sangafunse zimene kazembe wa nkhondo anachita bwino asanafunse amene anasenza mpunga wake.

Mabuku a utsogoleri asatayidwe, koma aikidwe pabwalo kuti ayankhe. Gulu liwerenge Maxwell pambuyo pa Bones ya Chenjerai Hove ya 1988, ndipo lifunse kuti ndi lamulo liti mwa 21 aja limene likanathandiza Marita, mayi wogwira ntchito pafamu amene akufunafuna mwana wake wopita kunkhondo. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Buku lolonjeza ukulu popanda kutchula nkhonyazo, kapena amene amazilandira m'malo mwa mkuluyo, liyenera kuweruzidwa ndi nthano.